Chimene Chinkagogoda kwa a Luhanga

Loweruka lina masana, m'zaka zija munthu ankayamba wacheuka asanayankhe moni, a Tenesi Kachingwe anakwera kamtunda ka ku Njakwa kupita kwa alamu awo, a Horace Luhanga, mphunzitsi wopuma amene sanagonjepo pa mtsutso chibadwire. A Kachingwe anali telala wochokera ku Dowa, mwamuna wa Edina mlongo wa a Luhanga, ndipo a chipani anawasankha kukhala mlembi wa nthambi pa chifukwa chimodzi chokha: bambo ameneyu ankabweza mawu monga wawamvera, osawonjezera, osachotsa, ngati galamafoni.

Anawapeza a Luhanga pakhonde atawerama pa kathabwa. Pakathabwapo anakhomapo chidutswa cha sowo, ndipo akachikanikiza chinkagunda mutu wa msomali: go, gogo, go.

"Odi kuno."

"Lowani, alamu. Khalani pampandopo, koma musatsamire. Mwendo wakumbuyo ukugwedera."

A Kachingwe anakhala kunsonga kwa mpando, msana njo, chipewa pamaondo.

"Lero sindinabwere ngati mlamu. Ndabwera ngati mlembi."

"Mlembi amamwa tiyi?"

"Amamwa, koma akamaliza. Andituma a wapampando. Anthu akuti kuno kukumveka kugogoda tsiku ndi tsiku, koma palibe chitseko chikutseguka, palibenso tebulo likutuluka. Msonkhano ndi madzulo ano kusitolo kuja. Galimoto ya ku boma ibweranso."

"Ija inatenga a Greyson Mzumara?"

"Yomweyo."

A Mzumara anali mphunzitsi mnzawo. Ananena pamaliro kuti msewu wa ku Mwazisi uli ndi maenje, ndipo kuyambira pamenepo ana awo akukula osawaona. Amene anafunsidwa zimene a Mzumara ananena anali a Kachingwe omwewa, ndipo anayankha bwinobwino, osaphonya liwu.

"Palibe chobisa pano," anatero a Luhanga, akukankhira kathabwako patsogolo. "Ndikuphunzira Mosi."

"Mosi wa kwa yani?"

"Mzungu. Anamwalira kalekale."

"Ndiye akukuphunzitsani bwanji?"

"Sakundiphunzitsa iyeyo. Anasiya njira yotumizira mawu pogogoda. Chilembo chilichonse chili ndi kagogodedwe kake, kwina kwakufupi, kwina kotalika. Telegalamu imene munalandira bambo anu atadwala inabwera choncho."

"Inabwera ndi mesenjala panjinga."

"Isanafike kwa mesenjalayo, alamu."

"Apo sindinaone."

A Luhanga anapumira m'mwamba, monga ankachitira ndi ana a sitandade wanu.

"Tamverani. Ndikufuna wailesi yolankhulira, osati yongomvera. Isabella mwana wanga ali ku Kitwe, ndipo dokotala amene amagwira naye ntchito ali nayo wailesi yotere. Koma kuti munthu akhale nayo, pafunika laisensi. Ndipo laisensiyo sapereka pokhapokha utakhoza mayeso a kugogodaku."

"Wailesiyo ili kuti?"

"Kulibe. Laisensi kaye."

"Ndiye mukugogoda pathabwa lopanda waya, kuti akuloleni kugula chinthu cholankhulira pakamwa."

"Mwaona? Ngakhale inu mwaona." A Luhanga anamenya bondo. "Ndi zimene ndakhala ndikunena ine. Munthu ali ndi pakamwa. Chiuta anandipatsa lilime, ndaphunzitsa nalo ana mpaka imvi. Lero akuti ndisanapatse moni mwana wanga, ndiyambe ndasanduka gogomole. Zala zanga izi, taonani, nyamakazi yokhayokha. Kodi munthu wofuna laisensi ya galimoto amamuyesa kukwera bulu? Ndi lamulo lopusa chomene."

A Kachingwe anatsinzina, milomo ikugwedera.

"Mukupemphera?"

"Ndikusunga. 'A Luhanga akuti lamulo ndi lopusa chomene.'"

"Aa, iai. Si lamulo la boma lathu limenelo. Ndi la maiko onse, anapangana kunja."

"'A Luhanga akuti iwo akutsata malamulo a kunja.'"

"Boma lathu linavomereza."

"Linavomereza lamulo lopusalo?"

"Eya. Iai. Ndikutanthauza kuti..."

"'A Luhanga akuti boma linavomereza zopusa.'"

"Fufutani zimenezo."

"M'mutu mulibe labala, alamu."

Munthu wanzeru akanangotseka pakamwa pomwepo n'kukatereka madzi a tiyi. Koma a Luhanga ndi kukhala chete zinadana kalekale. Anakonza kolala, nakhosomola.

"Chabwino. Lembani izi m'mutu mwanumo. Lamulo limeneli ndi labwino. Ndi lanzeru. Amene analiganiza anagona tulo tokwanira."

"Ndikanene zonse ziwiri? Poyamba lopusa, kenako labwino?"

"Mukanene chachiwiricho."

"Chachiwiri sichingayime chopanda choyamba. Akandifunsa kuti ubwino wake ndi wotani?"

"Ubwino ulipo wambiri. Mawu a pakamwa amasochera m'mphepo. Kukachita ziphaliwali umangomva phokoso ngati akukazinga chimanga. Koma kugogoda kumadutsa. Ngakhale batire itafooka, kumafika kutali."

"Kutali kuti?"

"Kulikonse. Zambia, Kenya, Tanzania..."

A Luhanga analimeza liwulo, koma linali litatuluka kale. Masiku amenewo aliyense ankadziwa kuti amene anathawa boma ali kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Nkhuku imene inkatola nyerere pakhonde nayonso inachokapo.

"'A Luhanga akuti kugogoda kwawo kumafika ku Tanzania.'"

"Sindinati kwanga. Ndati kungathe kufika."

"'Akuti kungathe kufika.' Zikomo, ndakonza."

"Kumapulumutsa miyoyo, alamu. Ganizani sitima ikumira panyanja usiku. Woyendetsa alibe nthawi yofotokoza. Amangogogoda, ndipo aliyense wodziwa Mosi, kaya ndi Mgiriki kaya Mmwenye, amamva n'kuthamangira komweko. Nchifukwa chake amafuna kuti aliyense wokhala ndi wailesi azidziwa."

"Sitima iti?"

"Iliyonse."

"Imira liti?"

"Palibe sitima ikumira."

"Mwangonena kumene. Anzanga a ku Mlowe akwera sitima mwezi wamawa. Ngati mukudziwa kanthu, nenani."

"Chinali chitsanzo."

"'A Luhanga akuti sitima imira usiku, koma akukana kutchula tsiku.'"

A Luhanga anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, nawavalanso. Dziko silinasinthe.

"Funso lina," anatero a Kachingwe. "Mumagogoda m'Chichewa kapena m'Chitumbuka?"

"Mwana wanga ndidzamulankhula chinenero chimene anayamwira."

"Chitumbuka anachichotsa pawailesi."

"Anachichotsa pawailesi yawo."

"Yawo ya yani?"

"Ya... yathu. Ya tonse. Komanso kugogoda kulibe mtundu. Sikuli Chichewa, sikuli Chitumbuka, sikuli Chizungu."

"Ndiye ndi chinenero chinanso, choti a wapampando sangachimve."

"Atachiphunzira angamve."

"Alipo angati ochimva kuno?"

"Ochepa. Ubwino winanso ndi umenewo. Mayesowa amasefa anthu. Waulesi sangapirire, wongofuna kuchita phokoso pamphepo amagwa ulesi sabata yoyamba. Otsala ndi anthu odziletsa, odziwana, omvana okhaokha."

"Kagulu."

"Si kagulu. Ndi anthu chabe okonda chinthu chimodzi."

"Amakumana?"

"Pamphepo."

"Ali ndi mayina?"

"Aliyense amapatsidwa dzina lake la zilembo ndi manambala."

"Losiyana ndi la ubatizo?"

"Eya, koma..."

"Makadi ali nawo?"

"Amatumizirana timakadi akamvana koyamba. Ndi mwambo chabe."

A Kachingwe anatsegula maso onse awiri. Chipewa chinagwa pamaondo, osachitola.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "chimenecho ndi chipani."

"Si chipani."

"Mayina obisika, chinenero chawochawo, makadi, ndipo salowa aliyense. Ife timalowetsa ngakhale makanda. Chanucho nchokhwima kuposa chathu."

"Ndikuti si chipani. Ndipo ine sindinalowe. Mayesowo ndinakalephera."

"'A Luhanga akuti anayesa kulowa, koma anawakana.'"

Apa a Luhanga anakhala pa chitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba anaoneka msinkhu wawo weniweni. Anali ndi mantha. Ankadziwa mmene galimoto ija imalirira ikamakwera mtunda, ankadziwanso kuti mayi Mzumara amagulitsa zitumbuwa pamsewu ndi maso oyang'ana pansi.

"A Kachingwe, inu munali pano mayi ake Isabella akumwalira. Mwanayo sanabwere, anaopa kuti akalowa sadzatulukanso. Makalata ake amafika atawerengedwa kale, m'mwemo mumangokhala za mvula. Ali ndi khanda tsopano, akuti linatenga mphuno yanga. Ine zandale ndilibe nazo ntchito. Ndikungofuna ndimve mwana wanga akuti 'Dada' ndisanafe. Ndipo ondipatsa chilolezo akuti yamba waphunzira kulankhula wopanda mawu. Zimenezi mukanenenso."

"Ndikanena akandifunsa."

"Sakakufunsani zimenezo."

"Sakafunsa," anavomera a Kachingwe. Anatola chipewa chija, nachizunguza m'manja. "Ndibwereze zonse kuti mumve ngati ndaphonya?"

"Bwerezani."

Anaimirira monga amachitira pamsonkhano, manja m'mbali.

"'A Luhanga akuti lamulo ndi lopusa chomene, ndipo boma linavomereza zopusa. Iwo akutsata za kunja. Kugogodako kungathe kufika ku Tanzania. Sitima imira usiku. Pali anthu ochepa omvana okhaokha, a mayina obisika ndi makadi awoawo, ndipo a wapampando sangawamve.' Ndaphonya?"

"Simunaphonye."

"Ndiye nzoona zonse."

"Liwu lililonse ndi langa, koma nkhaniyo si yanga. Simungachepetseko?"

"Ndichotse liti? Lililonse munanena ndinu." A Kachingwe anafinya chipewa m'manja. "Mukuganiza kuti ndimakondwa? Edina wandiuza m'mawa kuti mukakwera galimoto ija, ine ndikatenge makina anga ndibwerere ku Dowa. Ndinayesapo kunama kamodzi ndili mwana, ndinachita chibwibwi mpaka anandithira madzi. Akandifunsa, zimangotuluka. Nchifukwa chake ndimapempha anthu kuti asamandiuze zinthu, koma inu a Luhanga mumangothira ngati mpopi."

A Luhanga anatsegula pakamwa kuti atsutse, natsekanso. Zinali zachilendo moti ngakhale iwo eni anadabwa. Koma mkwiyo sunapeze potulukira, unatsikira m'zala. Dzanja linapita lokha pakathabwa paja: go, gogo, goo, go.

A Kachingwe anatchera khutu.

"Mwati chiyani?"

Go, goo, gogo.

"Alamu, sindikumva."

A Luhanga anagogodanso, motalikirapo, nsagwada zitalimba. Zimene ananena pamenepo za lamulo, za a wapampando ndi za galimoto ya ku boma, palibe akudziwa mpaka lero.

"Zimenezi mukanena kuti chiyani?" anafunsa.

A Kachingwe anatsinzina, milomo inagwedera, koma sipanatuluke kanthu. Anakhalanso pampando. Kenako anapinda chala nagogoda pa mkono wa mpandowo: go, gogo, goo, go, go, goo, gogo.

"Ndikanena choncho."

"Mukagogoda choncho patebulo la a wapampando?"

"Monga ndamvera."

"Pamaso pa a ku boma?"

"Akandifunsa."

"Iwo akati, 'Tanthauzo lake nchiyani, a mlembi?'"

"Ndikati sindikudziwa."

"Akati, 'Nanga mwagogoda bwanji bwinobwino chonchi? Mwaphunzira kuti?'"

"Ndikati kwa alamu anga, lero masana."

A Luhanga anatsinzina, nagwedeza milomo, naika manja m'mbali.

"'A Kachingwe akuti aphunzira Mosi kwa alamu awo, ndipo akutha kutumiza uthenga umene akukana kumasulira.'"

"Sindinakane. Sindikudziwa."

"'Akuti sakudziwa.' Zikomo, ndakonza. Galimoto ija ili ndi mabenchi awiri kumbuyo, alamu. Tikakhala moyang'anana."

A Kachingwe anadzidzimuka, natsamira kumbuyo. Mwendo uja unachita zimene unalonjeza. Mlembi wa nthambi anapezeka chagada, miyendo m'mwamba, chipewa chili kumaluwa.

"Ndinati musatsamire."

"Munatero," anayankha ali pansi pomwepo. Sanafulumire kudzuka. Anatembenuka nayang'ana mwendo wa mpando wothyokawo. "Hamala muli nayo?"

"Ya chiyani?"

"Ndi misomali."

"Mpando si nkhani tsopano."

"Ine sindiyambitsa nkhani pamsonkhano, alamu. Ndimayankha chimene andifunsa. Funso loyamba likhala lakuti, 'Nchiyani chikugogoda kwa a Luhanga?' Ndikati ndi chitsulo chophunzirira Mosi, mafunso ena onse atsatira ngati anapiye. Ndikati ndasiya a Luhanga akukhoma mpando, a ku boma ayamba kuyasamula."

"Ndiye mukanena bodza?"

"Iai. Nchifukwa chake ndikufuna hamala. Khomani, ndione ndi maso anga."

A Luhanga anawayang'ana alamu awo ngati akuwaona koyamba. Analowa m'nyumba, natuluka ndi hamala ndi kachitini ka misomali yopindika. Kathabwa kaja anakakankhira pansi pa thumba la makala.

"Nanga akafunsa kuti ndanena chiyani?"

"Akafunsa, ndinena zonse. Mukundidziwa." A Kachingwe anagwira mwendo wa mpando kuti usasunthe. "Ndiye khomani mwamphamvu, amve okha kumusi kuja, asafunse. Mukamaliza ndiusenza ndipite nawo. A wapampando akhala akukhalira bokosi la sopo chaka chonse. Akakhala apa, mtima ukhala pampando."

"Mpando wa malemu mkazi wanga umenewu."

"Mukufuna upite mpando kapena mupite inu?"

Hamala inayamba kulira. Inamveka mpaka kumlatho, ndipo amayi amene ankachokera kumtsinje anaima, namvetsera, napitiriza ulendo atakhumudwa pang'ono. Msomali woyamba unapindika, wachiwiri unalowa. A Luhanga anapukuta thukuta, mtima unayamba kubwerera m'malo, ndipo mtima utabwerera, lilime nalo linadzuka.

"Komabe, alamu, ine pa mfundo yanga sindinasunthe. Munthu ali ndi pakamwa. Ndipo ndikuuzeni chinthu chimodzi. Dziko limene bambo sangathe kulankhula ndi mwana wake popanda..."

A Kachingwe anasiya mwendo wa mpando, natseka makutu ndi manja onse awiri.

"Chonde, alamu, m'mutu muno mwadzaza kale. Chatsalacho musanene. Gogodani."